Kaboma ka Ozimitsa Moto: M'mene Maudindo Agawidwira m'Madera a Zamoto ku New York

Chaka ndi chaka, pa tsiku Lachiwiri limene ligwa pakati pa 8 ndi 14 Disembala, dzuwa litalowa kale ndipo kunja kukuzizira kolimba, m'midzi yambiri ya chigawo cha New York ku America mumachitika chisankho chimene eni midzi ambiri sadziwa n'komwe kuti chilipo. Malo oponyera voti kawiri-kawiri ndi nyumba yosungiramo magalimoto ozimitsira moto. Lamulo linena kuti chitseko chikhale chotsegula kuyambira 6 koloko kufikira 9 koloko madzulo, ngakhale madera ena amatsegula msanga, ndipo pa maola owerengeka amenewo asankhidwa munthu mmodzi amene kwa zaka zisanu adzakhala ndi mawu pa msonkho wa nyumba ili yonse ya m'deralo. Munthuyo ndiye komishonala wa dera la zamoto.

Dera lotere, limene eni ake alitcha fire district, si nthambi ya khonsolo ayi. Ndi boma pa lokha, laling'ono kweni-kweni, lokhala ndi malire ake, akuluakulu ake osankhidwa ndi anthu, ndi mphamvu yoika msonkho ndi kutenga ngongole. Ntchito yake ndi imodzi: kuteteza anthu ndi chuma chawo ku moto ndi ngozi zina zadzidzidzi. M'chigawo cha New York madera otere alipo pafupi-fupi 900, ndipo malamulo ake ali m'gawo la 11 la lamulo lotchedwa Town Law, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1932. Tauni ya kumeneko si mzinda monga dzinalo lingaganizitse. Ndi boma la kumidzi, kunja kwa mizinda ikulu-ikulu. Khonsolo ya tauni ndiyo ikhazikitsa dera la zamoto, koma dera likangobadwa lichoka m'manja mwa kholo lake, ndipo khonsoloyo silingathe kuliuza chochita.

Ozimitsa moto ambiri a m'madera amenewa ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro: wina ndi mmisiri wa matabwa, wina mphunzitsi, wina wogulitsa m'sitolo, ndipo akaitanidwa asiya zonse nathamangira ku moto. Tsono ndalama zogulira magalimoto awo ndi za anthu onse, pakuti zichokera ku msonkho. Opanga malamulo anaona kuti wogwira paipi ya madzi asakhale yemweyo wogwira thumba la ndalama, nagawa maudindo motere kuti munthu ali yense akhale ndi mnzake womuyang'anira.

Makomishonala asanu

Pamwamba pa zonse pali bwalo la makomishonala asanu. Ali yense akhala pa udindo zaka zisanu, koma nthawi zawo zinasiyanitsidwa mwadala kuti chaka chili chonse atuluke mmodzi yekha. Kotero bwalo silikhala la alendo okha-okha, komanso anthu akatopa nalo sangathe kulichotsa lonse tsiku limodzi. Afunika kupirira zisankho zitatu kuti asinthe ochuluka a m'bwalomo. Komishonala ayenera kukhala nzika ya m'deralo, ndipo salandira malipiro, kupatula kubwezeredwa ndalama zimene wawononga pa ntchito ya dera. Munthu amene khoti linampezapo wolakwa pa mlandu wotentha nyumba mwadala saloledwa kukhala pa udindo wotere, ndipo lamulo limeneli silisowa kulifotokoza.

Pasanapitirire pa 15 Januwale bwalo likumana kukonza za chaka chatsopano. Pa msonkhano umenewu makomishonala asankha wapampando pakati pawo, aika mlembi, natchula banki yosungirako ndalama ndi nyuzipepala yolengezeramo zidziwitso za dera. Wapampando atsogolera misonkhano, koma voti yake ndi imodzi monga ya anzake. Pano pali chinthu chimene makomishonala atsopano amachedwa kuchimvetsa: komishonala mmodzi pa yekha alibe mphamvu ili yonse. Sangalamule kuti kugulidwe ngakhale chisoti chimodzi. Mphamvu ili m'bwalo likakhala pamodzi, ndipo kanthu sikachitika popanda mavoti atatu mwa asanuwo, ngakhale pa msonkhanopo patabwera atatu okha. Misonkhano yake ndi yapoyera, ndipo nzika ili yonse ikhoza kulowa ndi kumvetsera.

Zimene bwalo lisenza ndi zambiri. Ndilo mwini wa nyumba, magalimoto, makwerero ndi zovala za ozimitsa moto. Ndilo lilemba malamulo oyendetsera gulu, ndi kuvomereza munthu ali yense wofuna kulowa m'gululo, atayamba wafufuzidwa ngati alibe mbiri yotentha nyumba. Lilipira inshuwaransi ya amene avulala pa ntchito, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2019 lilipiranso inshuwaransi ya matenda ena a khansa kwa odzipereka amene amalowa m'nyumba zoyaka, pakuti utsi wa zinthu za masiku ano uli ndi ululu. Pogula katundu wa mtengo woposa $20,000, kapena pomangitsa ntchito yoposa $35,000, bwalo liyenera kulengeza poyera kuti amalonda apikisane pa mtengo. Likafuna ngongole yaikulu yomangira nyumba kapena yogulira galimoto, liyenera kufunsa anthu mwa voti yapadera. Komishonala saloledwa kuchita malonda ndi dera limene iye mwini avomereza malipiro ake, kupatula pa zinthu zochepa zimene lamulo linazitchula. Akachita zoipa pa udindo, nzika ya m'deralo ikhoza kukadandaula ku khoti lalikulu la apilo kuti amchotse.

Mkulu wa ozimitsa moto

Moto ukabuka, makomishonala akhala chete. Pamenepo wolamula ndi mkulu wa ozimitsa moto, ndipo lamulo limpatsa iye yekha ulamuliro pa ozimitsa moto onse pa moto, pa maphunziro ndi pa perete. Komishonala amene alinso wozimitsa moto, monga ali ambiri a iwo, akafika pa moto amvera mkuluyo monga wina ali yense, ngakhale dzulo lake anamkana ndalama za galimoto yatsopano. Mkuluyo akapanda kupezeka, wachiwiri wake woyamba atenga malo, ndipo zitero kutsika m'munsi.

Kasankhidwe kake ndi ka mbali ziwiri. Ozimitsa moto eni ake atchula dzina la amene amfuna, koma womuika pa udindo ndi bwalo. Bwalo likhoza kukana dzinalo, ndipo likakana ozimitsa moto abwerera kukatchula lina. Koma bwalo silingatole munthu wa kumtima kwake ndi kuwaikira. Nzeru yake ndi yoonekeratu, pakuti anthu sangatsate m'nyumba yoyaka munthu amene samkhulupirira, komanso anthu a msonkho sangapereke magalimoto a mtengo wapatali kwa munthu amene oimira awo sanamvomereze. Munthu mmodzi saloledwa kukhala komishonala ndi mkulu wa ozimitsa moto, kapena wachiwiri wake, pa nthawi imodzi.

Masiku opanda moto mkuluyo ayang'anira magalimoto ndi zipangizo, aona kuti malamulo a bwalo atsatidwa, nauza bwalo za chili chonse chowonongeka kapena chosoweka. Wozimitsa moto akachita mwano kapena kusasamala, mkuluyo akhoza kumuimitsa kufikira bwalo litakumana, koma kumchotseratu pa chifukwa chotere kufuna kuti mlandu wake umveke, nayenso apatsidwe danga lodziyankhira. Chimene mkuluyo alibe ndi ndalama. Akhoza kupempha, kudandaula ndi kuchenjeza, koma kugula sangagule popanda chilolezo cha bwalo, ndipo mikangano yambiri ya m'madera a zamoto iyambira pamenepa.

Mlembi ndi msungichuma

Mlembi ndiye asunga mabuku ndi makalata a dera. Alemba zonse zogwirizana pa misonkhano, alengeza za chisankho ndi za msonkhano wa bajeti m'nyuzipepala pa masiku oikika, ndipo kawiri-kawiri ndiye amayankha nzika yofuna kuona mapepala a dera, pakuti lamulo la chigawo lipatsa anthu ufulu wotero. Ntchito yake ioneka yopepuka, koma chidziwitso chikachedwa kutuluka, voti yonse ya ngongole ikhoza kutsutsidwa ku khoti.

Udindo wa msungichuma ndiwo ufuna kuuyang'anitsitsa. M'madera ena asankhidwa ndi anthu kwa zaka zitatu. M'madera ena, kumene anthu anavomereza kutero, aikidwa ndi bwalo kwa chaka chimodzi. Iye ndi mlembi akhoza kulandira malipiro, ndipo munthu mmodzi akhoza kugwira maudindo awiriwa pamodzi, koma komishonala sangakhale msungichuma. Asanayambe ntchito alumbira, ndipo paikidwa chikole cha inshuwaransi chakuti ndalama zikasowa m'manja mwake dera lidzabwezeredwe. Alandira ndalama zonse, azisungitsa ku banki imene bwalo linatchula, alemba mabuku, ndipo chaka chikatha atumiza lipoti la chuma, pasanathe masiku 60, kwa mkulu wolondoloza ndalama za boma m'chigawo chonse, amene udindo wake utchedwa Comptroller.

Tsono mtima wa dongosolo lonse uli apa: msungichuma asunga ndalama koma alibe mphamvu yoziwononga. Wogulitsa mafuta a galimoto akatumiza kalata yofuna malipiro, kalatayo iyenera kufika pamaso pa makomishonala, amene aona ngati katunduyo anaitanitsidwa ndi munthu woyenera, ngati anafikadi, ndi ngati mtengo wake ndi womwe anapangana. Akakhutira alamula msungichuma kulemba cheke. Zolipira zochepa zokha, monga za magetsi, lamya ndi positi, ndizo bwalo likhoza kulola kuti zilipidwe msanga ndi kudzaonedwa pambuyo. Ali yense amene anagwirapo ntchito mu ofesi ya boma adziwa kuti kuona mavocha ndi ntchito yogwetsa ulesi, ndipo adziwanso chimene chichitika anthu akayamba kusaina osawerenga.

Ku Charlton, mudzi wa m'boma la Saratoga, ofesi ya Comptroller inaulula m'chaka cha 2011 kuti munthu amene anali mlembi ndi msungichuma wa dera la zamoto anadya ndalama pafupi-fupi $500,000 pa zaka zingapo, podzilipira mopitirira ndi pogula zinthu za pa nyumba pake ndi ndalama za dera. Lamulo silinasowe, ndipo makomishonala analipo. Chimene chinasowa ndi munthu wotsegula makalata a ku banki ndi kuwafananitsa ndi mabuku. Mlanduwo unathera ku ndende. Woposa umenewu unachitika ku Mahopac, m'boma la Putnam, kumene msungichuma wa gulu la ozimitsa moto anaba $5.7 miliyoni pa zaka zoposa khumi, polemba macheke opita ku makampani ake, ndipo m'chaka cha 2017 analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 77. Gulu la ku Mahopac silinali dera la zamoto; linali bungwe loima pa lokha lolandira ndalama za msonkho mwa pangano ndi tauni, kotero linalibe bwalo losankhidwa ndi anthu. Koma muzu wa nkhani ziwirizi ndi umodzi. M'mudzi waung'ono msungichuma ndi mnansi, ndi mnzako wa ku tchalitchi, kapena ndiye anakutulutsa m'galimoto tsiku lija la ngozi, ndipo kumfunsa lisiti kuoneka ngati kumnyoza.

Msonkho ndi bajeti

Bajeti ya dera ikonzedwa ndi makomishonala, atamva zofuna za mkulu wa ozimitsa moto ndi mawerengero a msungichuma. M'sabata yachitatu ya Okutobala achititsa msonkhano wapoyera kuti anthu anene maganizo awo. Pofika pa 4 Novembala avomereza bajetiyo, ndipo pofika pa 7 Novembala aipereka kwa mlembi wa tauni. Tauni itolera msonkhowo kwa eni nyumba ndi malo, niupereka ku dera, koma ilibe mphamvu yochotsapo kapena kuonjezapo kanthu. Anthu savota pa bajeti imeneyi, ngakhale m'madera ambiri a chigawo chomwecho amavota pa bajeti ya sukulu. Kuyambira m'chaka cha 2012 lamulo liletsa maboma ang'ono-ang'ono kukweza msonkho wotere kupitirira 2 pa 100 pa chaka, kapena kupitirira kukwera kwa mitengo ya zinthu ngati kuli kochepera apo. Koma bwalo likhoza kulumpha malirewo ngati 60 pa 100 ya mamembala ake avomereza. Pa bwalo la anthu asanu, 60 pa 100 ndi anthu atatu, omwe aja afunika pa chinthu china chili chonse.

Kotero chingwe chokha chomangira makomishonala ndi chisankho cha Disembala chija, ndipo ndicho chofooka. Chichitika patapita mwezi umodzi chichitikire chisankho chachikulu cha Novembala, pamene anthu atopa ndi zovota ndipo mitima ili pa Khirisimasi. Obwera ndi owerengeka, ndipo ambiri a iwo ndi ozimitsa moto ndi abale awo. Palibe choipa kuti munthu wodziwa moto akhale komishonala; koma bwalo likadzala ndi akuluakulu akale a gulu lomwelo, osankhidwa ndi gulu lomwelo, ndiye kuti woyang'anira ndi woyang'aniridwa akudyera mbale imodzi.

Zimene zinaululika ku Long Island

M'mwezi wa Novembala 2005 nyuzipepala ya Newsday inasindikiza nkhani zotsatizana, za mutu wakuti Fire Alarm, zofotokoza za magulu 179 a ozimitsa moto a pa chilumba cha Long Island. Inaonetsa kuti chilumbacho chinali ndi magalimoto ozimitsira moto ochuluka kuposa a mzinda wa New York ndi a Los Angeles kuphatikiza pamodzi, kuti nyumba zina za ozimitsa moto zinamangidwa ndi zipinda za maphwando ndi zomweramo mowa, ndi kuti akuluakulu ena anali kupita ku misonkhano ya kutali, ku malo a tchuthi, ndi ndalama za msonkho. Pa nthawi yomweyo odzipereka anali kuchepa, ndipo m'malo ena thandizo linali kuchedwa kufika, maka-maka masana pamene anthu ali ku ntchito. Ozimitsa moto ambiri anapsa mtima, poona kuti anthu odzuka pakati pa usiku kwaulere akuikidwa m'gulu limodzi ndi owononga, ndipo madandaulo awo sanali opanda pake.

Nyumba ya malamulo ya ku Albany inayankha m'chaka cha 2006. Kuyambira pamenepo komishonala ali yense, akasankhidwa, ayenera kuchita maphunziro a za malamulo ndi kasungidwe ka ndalama pasanathe masiku 270. Dera lili lonse liyenera kukhala ndi malamulo olembedwa a khalidwe la akuluakulu ake. Dera lolandira ndalama zambiri liyenera kuitana wowerengera ndalama wa kunja chaka ndi chaka. Poyamba malire ake anali $200,000, ndipo pambuyo pake anakwezedwa. Msonkhano wapoyera wa bajeti uja unachokeranso m'malamulo omwewa. Za maulendo, lamulo linati ulendo uli wonse uvomerezedwe ndi bwalo ndi kukhala wa phindu ku dera.

Nkhani yovuta koposa inali ya Gordon Heights, mudzi waung'ono wa m'tauni ya Brookhaven. Gulu lake la ozimitsa moto linayambitsidwa ndi anthu akuda m'chaka cha 1947, pa nthawi imene tsankho linali lolimba, ndipo kwa ambiri a m'mudzimo ndi chinthu chonyaditsa. Koma mudziwo uli ndi masitolo ndi mafakitale ochepa, kotero katundu yense wa msonkho agwera nyumba za anthu wamba, ndipo msonkho wawo wa zamoto unali pakati pa yokwera koposa pa chilumba chonse. Eni nyumba ena anasonkhanitsa maina m'chaka cha 2006, nabwerezanso m'chaka cha 2008, kupempha kuti dera lithetsedwe ndi kuti midzi yoyandikana iwateteze. Pempho loyamba linakanidwa chifukwa cha kalembedwe kake, ndipo lachiwiri linatsatidwa ndi kafukufuku wa tauni, koma dera silinathetsedwe. Njira yakale yothetsera dera inali yovuta zedi, ndipo m'chaka cha 2009 kunakhazikitsidwa lamulo lina, limene analilimbikitsa ndi Andrew Cuomo, pa nthawiyo mkulu wa za malamulo wa chigawo. Lamulolo linena kuti ovota 10 pa 100, kapena ovota 5,000 ngati chiwerengero chimenechi ndicho chochepa, akasaina pempho, pachitike voti yofunsa ngati boma laling'ono lotere lithetsedwe kapena liphatikizidwe ndi lina.

Manja akuchepa

Vuto limene likula chaka ndi chaka ndi la anthu. Bungwe la ozimitsa moto a m'chigawochi, lotchedwa FASNY, limene linayamba m'chaka cha 1872, linanena kuti odzipereka anatsika kuchokera pa 120,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kufika pafupi-fupi 80,000 patapita zaka makumi awiri. Zifukwa zake ndi zodziwika: anthu agwira ntchito kutali ndi midzi yawo, nyumba zakwera mtengo kotero kuti achinyamata asamuka, ndipo maphunziro ofunika munthu asanaloledwe kulowa m'nyumba yoyaka atenga maola ambiri kuposa kale. Kuitana nakonso kwachuluka, ndipo m'madera okhala ndi ambulansi kochuluka si kwa moto koma kwa odwala.

Zimenezi zaonjezera makomishonala ntchito imene makolo awo sanaidziwe. Lamulo la m'chaka cha 1988 linalola madera kukhazikitsa kapenshoni ka odzipereka, anthu atavomereza mwa voti. Wozimitsa moto apeza mapointi pobwera ku moto, ku maphunziro ndi ku misonkhano, ndipo akafikitsa mapointi 50 chaka chimenecho chiwerengedwa. Mndandanda wa mapointiwo uyenera kuonedwa ndi kuvomerezedwa ndi bwalo, ndipo ofesi ya Comptroller, pofufuza madera, yapeza kawiri-kawiri mapointi operekedwa popanda umboni ndi ena omanidwa kwa oyenera. Boma la chigawo linaonjezapo kuchotsera wodzipereka ali yense $200 pa msonkho wake wa pa chaka. Madera ena, poona kuti zonsezi sizikwanira, alemba anthu olipidwa oyendetsa ambulansi ndi oyang'anira nyumba masana, ndipo m'chaka cha 2022 lamulo linalola magulu a ozimitsa moto kulipiritsa makampani a inshuwaransi pa ulendo wa ambulansi, chinthu chimene kale chinali choletsedwa kwa iwo. Bwalo limene linazolowera kugula mapaipi ndi matayala tsopano likambirana za malipiro a antchito, masiku a tchuthi ndi ngongole za odwala, ndipo mabuku a msungichuma ali ndi mizere yambiri yoti makomishonala aiwerenge asanasaine.